Tsiku Limene Tinaika Fabiano ndi Makina Ake

Ndinadzuka tambala woyamba atangolira, msana uli gwa chifukwa chogona pasimenti. Munali mu June, ndipo amene anagonapo ku Mphunzi nyengo imeneyo akudziwa kuzizira kwake. Ungafunde chitenje ndi bulangete pamwamba, mphepo imakupeza ndithu. M'nyumba mwa amayi munali mdima, kandulo imodzi yokha ikutha cha kumutu kwa bokosi. Azimayi anali ataunjikana m'mbali mwa khoma, ena akuliza mkonono. Ndinakhala tsonga n'kutchera khutu. Panja amuna ankatsokomola pamoto, nkhuni zikuthetheka. Nyimbo kunalibe.

Ineyo ndakula ndikugona m'masiwa, koma sindinaonepo siwa ya Mkhristu yofika m'bandakucha popanda nyimbo. Kwathu azimayi a mphakati amalandirana usiku wonse, awa akatopa awo n'kuyamba, mpaka mawu kusasa. Pa maliro a mlongo wanga Fabiano anangoimba pang'ono madzulo, kuimba kwake kokhala ngati awakakamiza. Kenako wina akuti chifuwa, wina akuti wasiya mwana akudwala, mmodzimmodzi n'kumatuluka. Wapampando wa mphakati anauza amalume kuti za mwambo wa mpingo tikambirana kukacha. Kukambirana chiyani? Munthu wobatizidwa, ukwati wake wodalitsidwa m'tchalitchi, lero tikambirane ngati ayenera kuimbiridwa?

Amayi sanagone. Anakhala pafupi ndi bokosi, kolona m'manja, atavala kale chitenje cha mpingo ndi duku lake. Amayi aimbira maliro m'mudzi muno kuyambira ine ndili kumsana. Ndi iwo amene amayambitsa nyimbo, ena n'kuvomera. Ataona kuti ndadzuka anandinong'oneza kuti, "Akwaya abwera, eti?" Ndinati abwera. Chimene ankafuna tsiku limenelo chinali chimodzi chokha, choti mwana wawo apite kumanda ndi nyimbo, monga anapitira ana a eni ake onse amene iwo anawaperekeza.

Ndifotokoze kaye za Fabiano, chifukwa amene simunamudziwe mungayese kuti anali munthu woopsa. Anali wopondana nane, wamng'ono kwa ine. Ankakhala pa Linthipe ndi mkazi wake ndi ana, akukonza mawailesi, mafoni ndi zipangizo za sola m'kachipinda ka kuseri kwa golosale. Imeneyo inali ntchito yodyera. Mtima wake unali pa zina. Ankasonkhanitsa makina oyezera magetsi, ena akale otayidwa ku Lilongwe, ena otchipa ochita kuitanitsa kunja. Anali ndi mamita aja a zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, komanso ena a galasi ngati kawailesi kakanema, oonetsa magetsi ngati mzere wovina, amene iye ankawatcha sikopu. Sankawagulitsa ayi. Ankawatsegula, n'kuwalumikiza ku laputopu, n'kumasintha pulogalamu ya m'kati mwake. Kufulasha, ankatero mwini wake.

Ankati opanga makinawo ndi akathyali. Otchipa ndi odula m'kati mwake ndi amodzimodzi, kungoti otchipawo anawamanga ndi pulogalamu kuti asachite zonse zimene angathe. Tsono iye chimwemwe chake chinali kuwamasula. Ena ankawaphunzitsa Chichewa, moti ukawayatsa pagalasi pankalembedwa kuti batire yatha, m'malo mwa Chingerezi chija. Ine ndinkamunena kuti, iwe, bambo wamkulu wa ana kale, tsiku lonse kusewera ndi zidole, manyazi ulibe? Iye n'kungoseka, maso ali pa waya.

Kufulashako kunali ndi ngozi yake. Magetsi akazima ntchito ili pakati, kapena iye akalakwitsa pang'ono, makinawo ankangoti zii, galasi lakuda bii, ngakhale udine batani mpaka chala kuwawa. Zikatero Fabiano ankati wawapha. Ndiye ankawotcherera tiwaya tonga tsitsi pa bolodi la m'kati, n'kuthiranso pulogalamu, kubwereza ndi kubwereza mpaka ayake. Akayaka ankati wawadzutsa. Mawu ake anali amenewo, ndipo ife a m'banja tinawazolowera.

Chaka chatha m'mudzi mwathu munachitika maliro a mnyamata wina amene anangodandaula mutu n'kumwalira. Fabiano anabwera kudzakhuza. Ali kuseri kwa nyumba ya siwa, foni yake inalira. Anali a Saidi, mnzake wa sitolo ya zipangizo za mafoni pa Linthipe, amene ankachita naye limodzi zamakinazo. Fabiano, ndi mawu ake aja osadziwa kunong'ona, anati, "Sabata ino ndawapha awiri, achimwene. Ena ndawadzutsa kale, akugwira ntchito usiku wonse osatopa. Enawo akukanabe, koma adzuka." Chichewa chathuchi makina ndi anthu chimawaika m'thumba limodzi: awa, awiri, ndawapha. Mayi wina amene ankatsuka mbale chapafupi anamva zonse. Anamva bwinobwino, ndipo pokauza anzake sanawonjezere liwu ndi limodzi lomwe.

Kwathu aliyense amadziwa za ndondocha, anthu amene akuti mfiti imawapha n'kuwadzutsa kuti aziilimira usiku. Chaka chomwecho mbatatesi za kudimba kwa amayi zinachita bwino kuposa za wina aliyense, chifukwa Fabiano anawaikira pampu ya sola imene anaitola yakufa n'kuikonza. Pampuyo anthu ankaiona ndi maso awo tsiku lililonse. Koma nkhani ya ndondocha ndi yokoma m'kamwa kuposa ya pampu. Tsono atagwa pa benchi lake la ntchito n'kumwalira tsiku lomwelo, achipatala akuti mtsempha wa m'mutu waphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, m'mudzi anangogwedeza mitu n'kumati zamubwerera.

Kunja kutayamba kuyera ndinatuluka. Nkhungu inali itatsika m'mapiri mpaka pabwalo, ndipo kunkawaza kamvula kosamveka kugwa koma konyowetsa. Azimayi a kwa amalume anali atasonkha kale moto kuseri, mafuwa atawandanditsa mzere, nyemba zili pamoto. Ena ankadula kabichi m'mabeseni, zala zitauma ndi kuzizira. Utsi sunkakwera, unkangozungulira pansi n'kumatilowa m'maso. Ndinatenga ndowa kupita kumjigo. Ndili patali ndinamva anthu akucheza mokweza, nditafika onse anangoti chete. Mmodzi anandipepesa maso ali pa ndowa yake. Sindinamuyankhe, chifukwa ndikanatsegula pakamwa tikanagwirana pomwepo.

Pobwerera ndinakumana ndi adzukulu akukwera kumanda ndi makasu ndi mafosholo. Iwo sanakane kukumba. Wamkulu wawo anandivulira chipewa n'kupitirira. Pamsewu anyamata anali ataika kale masamba, ndipo anjinga ankatsika n'kumakankha.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke, ndipo tsiku limenelo silinaoneke n'komwe. Anabwera ambiri, kuposa pa maliro a bambo athu. Anabwera ndi a midzi ya kutsidya kwa mtsinje, anthu oti Fabiano sanamuonepo nkhope. Amenewo sanabwerere kulira, ine si mwana. Anabwera kudzaona mmene amaikira mfiti. Ankasankha malo oyang'anizana ndi khomo, n'kumasuzumira m'kati mwakabisira. Akwaya nawo anafikadi, koma mayunifolomu ali m'majumbo. Anakakhala pansi pa mtengo wa pichesi, majumbo pamiyendo, kudikira chimene atsogoleri anene.

Kenako inafika galimoto ya a Saidi, itadzaza amalonda a pa Linthipe, ambiri Asilamu ovala tizisoti tawo toyera. Kumbuyo kunali katundu wa malemu amene mlamu wanga, mkazi wa Fabiano, anapempha kuti amutengere poopa akuba. Panali matumba a zovala ndi thiranki la malata lokhala ndi loko. M'menemo ndi mmene munali makina aja. Atalitsitsa n'kuliika pakhonde, amene anakhala pafupi anayamba kusuntha mikeka yawo.

Amalume, akatekisiti ndi wapampando wa mphakati anapita kuseri kwa khola. Nkhani zotere azimayi sitikhalapo, koma ine ndinawatsatira n'kukhala pansi chapatali pang'ono, kuti ofuna kundithamangitsa andithamangitse. Akatekisiti ndi munthu wofatsa, ndipo ndikhulupirira kuti za ndondochazo iwo sankazikhulupirira. Ankangopotokola chipewa m'manja. Anati ansembe ali kutali, mwambo uli m'manja mwawo, koma akhristu agawanika. Wapampando ndiye analankhula mosapsatira.

"Munthu ananena yekha ndi pakamwa pake, anthu akumva. Ife tiimbe bwanji? Mayi wa mnyamata uja ali m'kwaya momwemo."

Pamenepo mtima unandipsa, ndinaiwala ndi zogwada zomwe.

"Inu a wapampando, wailesi imene mumamvera mapemphero kwanu ija anakukonzerani ndani? Munapita nayo yakufa, inabwerera ikulankhula. Bwanji simunaitaye kudzala kuti ndi ndondocha?"

Amalume anandidzudzula ndi diso, ine osaleka. Ndinati makinawo ali pakhonde paja, a Saidi nawo alipo. Aonetse anthu kupha ndi kudzutsa kumene Fabiano ankanena, aliyense aone ndi maso ake, nkhani ithe, tiike munthu mwaulemu.

Anawaitana a Saidi. Iwo anati m'thirankimo mulidi sikopu imodzi yakufa. Fabiano anaipha dzulo lake la tsiku limene anagwa. Tiwaya anali atawotcherera kale, pulogalamu yatsopano ili pa laputopu, chotsala kungoithira.

"Kutha ndingathe," anatero a Saidi, "koma pamaliro, alongo?"

Amalume anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, madzi akatayika saoleka. Anthu amene asankha kale choti aone, iwe uwaonetsa chiyani?"

Koma akatekisiti anaigwira nzeruyo ndi manja awiri, poti nawonso ankafuna potulukira. Wapampando anati chabwino, anthu akaona kuti ndi makina chabe, kwaya ivala yunifolomu. Ndinabwerera pabwalo ndikuyenda mwamphamvu, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndapambana.

Anatulutsa tebulo la tiyi n'kuliika pabwalo, kutsogolo kwa khomo. Wamalonda wina anagwira ambulera pamwamba pake. Mlamu wanga anamasula kiyi pa chitenje n'kupereka. Sikopuyo inali yachikasu, kukula kwake ngati buledi, msana wake wotsegula, tiwaya tikulendewera. A Saidi anaikweza m'mwamba kuti onse aione.  Anadina batani, palibe chinachitika. Anadinanso.

"Mwaona, abale? Apa ndiye ife timati afa. Si munthu, ndi makina."

Anapempha wapampando kuti adine yekha. Bamboyo anathyola kamtengo n'kudina nako, osafuna kukhudza ndi chala. Ena anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunandilimbitsa mtima. A Saidi analumikiza tiwaya tija ku laputopu, n'kumafotokoza chilichonse chimene akuchita monga amachitira aphunzitsi. Pa laputopu panaoneka kamzere kobiriwira kakudzaza pang'onopang'ono. Anthu anayandikira. Amene anasuntha mikeka aja tsopano ankasomphola makosi pamwamba pa mapewa a anzawo. Bambo wina anati zimenezi n'zomwe amachita mafoni mwini wake akaiwala loko, anzake n'kuvomera kuti eya, n'zomwezo. Nditacheuka kupichesi kuja ndinaona mayi mmodzi wa kwaya akumasula jumbo lake. Ndinati m'mtima, Ambuye zikomo.

Kamzere katadzaza, a Saidi anachotsa tiwaya, n'kutembenuza galasi kuti liyang'ane kwa anthu. Anadina batani. Makinawo analira kamodzi, tswii, galasi n'kuwala. Pagalasipo panatuluka zilembo zikuluzikulu zoyera. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene anaima kutsogolo, anaziwerenga mokweza asanaganize, monga mwa chizolowezi chawo.

"Ndadzuka, kaya inu?"

Pabwalo ponse panati zii. Ndinamva madontho akugwa pa ambulera. Kenako kunamveka mfuwu wochokera kupichesi. Anali mayi wa mnyamata womwalira uja. Anaimirira manja ali kumutu, akuitana dzina la mwana wake, akuti ndi iyeyo, amutsekera m'menemo, mutulutseni. Anathamanga pang'ono n'kugwa chafufumimba m'matope. Kumbuyo, kumene sanamve bwino, wina anakuwa kuti wadzuka, malemu wadzuka! Azimayi a m'siwa atamva zimenezo anatuluka mopanikizana pakhomo, ena kukwawa, ena kupondana. Kuseri mphika wa nyemba unagubuduka. Amuna akuluakulu ndinawaona ndi maso angawa akulumpha mpanda wa dimba.

Ine ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa. Ndinati ndi zolemba chabe izi, ngati moni wa pafoni ukaiyatsa, analemba ndi Fabiano ali moyo! Kunali ngati kulankhula ndi mphepo. A Saidi anakhala pansi m'matope momwemo, akuseka uku misozi ikutsika.

"Nthabwala zake izi. Anandiuza kuti ikadzuka iyi ndidzaseka. Sindinkadziwa, alongo, ndithu sindinkadziwa."

Ndinathamangira m'nyumba. Munatsala amayi okha. Kandulo inali itagwa n'kuzima, nsapato za anthu zili mbwee pansi. Amayi anali atagwada, khutu lawo atalitsamiritsa pa bokosi, dzanja likusisita thabwa. Iwo anangomva kuti wadzuka. Atandiona anandikweza chala kuti ndikhale chete, akumvetsera. Pa zonse zimene ndinaona tsiku limenelo, chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri. Ndinawagwira mapewa n'kuwauza kuti ayi amayi, ndi makina aja ayaka. Anandiyang'ana, kenako anabwerera pamalo pawo n'kutola kolona.

Nditatulukanso, pansi pa pichesi panalibe munthu. Akwaya anali atamunyamula mnzawo uja kupita naye kwawo, majumbo awo ali m'khwapa. Mayi ameneyo sindingamude. Anaika mwana wake osadziwa chimene chinamupha, ndipo chaka chonse anthu akhala akumunong'oneza dzina la mlongo wanga. Amene ndimawada ndi aja anaseka poyamba, aja anati n'zomwe amachita mafoni. Iwo anamvetsa bwinobwino, koma palibe ndi mmodzi yemwe anaima kuti anene. Wapampando sanatsanzike. Amalume anandidutsa pakhomo osandinena kanthu, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Anthu anabwerera pang'onopang'ono, koma anaima patali, m'mphepete mwa msewu ndi m'mapesi a m'munda. Akatekisiti anakhalabe, zimenezo ndiwayamikire. Analowa m'nyumba, nawerenga mapemphero mothamanga, mawu ali pansi, n'kuwaza madzi odalitsa. Anauza amayi kuti kumanda apita nafe, koma kwaya sangaikakamize. Amayi anangoti, "Ndamva, bambo."

Wamkulu wa adzukulu anatsika kuchokera kumanda n'kudzakumana ndi amalume. Uthenga wake unali woti manda atha, koma sakwirira pokhapokha makina onse alowe limodzi ndi mwini wake. Onse, ndi laputopu yomwe. A Saidi anachonderera kuti laputopu yokha itsale, muli zithunzi za ana kuyambira ali makanda. Anakana. Mlamu wanga anadzuka yekha, anaitenga patebulo, anaipukuta madontho ndi chitenje chake n'kuiika m'thiranki. Sikopu ija inali ikadayaka, mzere wake wobiriwira ukuyenda pagalasi. A Saidi anaizimitsa n'kuiika pamwamba. Mlamu anatseka loko, kiyi n'kupatsa amalume.

Itakwana nthawi yonyamuka, bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pamipando pabwalo. Kwathu anyamata amalimbirana kunyamula. Tsikulo ankayang'anana, aliyense manja m'thumba. A Saidi anayang'ana anzawo, ndipo amalonda aja anabwera n'kulikweza pamapewa. Ananyamula mwa chikhalidwe chawo, moyenda msanga, akulandirana mapewa mosalankhula. Abale athu aamuna analowererapo pambuyo, manyazi atawagwira. Kumbuyo kwa bokosi kunali adzukulu awiri atanyamula thiranki pamtengo, kuti lisawakhudze.

Njira ya kumanda imakwera pakati pa minda, kenako imadutsa pamiyala. Kunali koterera. Nkhungu inali ikadalipo, moti a kutsogolo ankaoneka mbuu. Ine ndinagwira amayi dzanja lamanja, mlamu n'kuwagwira lamanzere. Khamu lija linkatitsatira chapatali, mapazi okha akumveka m'matope.

Titapitirira mjigo, amayi anakonza kukhosi. Ndinadziwa chimene akufuna kuchita, ndipo ndinawafinya dzanja kuti asatero, koma iwo anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo imene amayambitsa pa maliro alionse potuluka m'mudzi, yoti ndi mwana yemwe amaidziwa. Mawu awo anakwera bwino, osanjenjemera. Anafika pamene otsogolera amalekezera kuti gulu livomere, n'kusiya mpata. Munamveka kamvula m'mapesi. Anayambanso, mokweza kuposa poyamba, nkhope atatembenuzira kumbuyo kumene kunali anthu. Mwa anthu amenewo munali azimayi oti amayi anawaimbira amuna awo, ana awo, amayi awo. Amati maliro n'kulirana. Onse anaweramitsa mitu. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere ndekha, koma kukhosi kunali kutatseka ndi kukuwa kuja ndi ukali, panangotuluka mpweya. Akatekisiti anayesa chapansipansi, mawu awiri atatu, n'kuleka. Amayi sanayambitsenso. Anakwera phiri lonselo ali chete, akupuma movutikira.

Kumanda sitinakhalitse. Bokosi analitsitsa ndi zingwe, thiranki n'kuliika cha kumiyendo. Akatekisiti anapemphera mwachidule. Amalume anathokoza onse amene anabwera, ndi amene anabwera n'kubwerera, ndipo sanawonjezere china. Za mbiri ya malemu panalibe anawerenga. Panalibe ananena kuti munthuyu anakonza pampu ya pachipatala chaching'ono cha kwathu, kapena kuti theka la mawailesi a m'mudzi muno linadutsa m'manja mwake.

Kenako adzukulu anayamba kukwirira. Ine ndaima pamanda ambirimbiri, koma sindinkadziwa kuti dothi limalira chotero. Nthawi zonse nyimbo zimaphimba. Tsikulo tinamva fosholo iliyonse. Pathabwa linkamveka di, di, pamalata a thiranki n'kumalira mokweza ngati matalala padenga. Mlamu wanga anatseka makutu ndi manja. Amayi sanatseke, anaima chilili mpaka phokoso litasanduka la dothi logwera padothi. Adzukulu anaumba mtumbira msangamsanga, ife n'kuika nkhata zathu zochepa. Titatembenuka, khamu lija linali litayamba kale kutsika.

Kunyumba tinasamba m'manja pa beseni la pakhomo monga mwa mwambo. Chakudya chinali chambiri, odya ochepa. Anthu a kutsidya aja anapita osalawa, ati sadya za pakhomo pamenepa. Amalonda a pa Linthipe anakhala pansi n'kudya, ndipo ndikudziwa kuti ena sanali ndi njala, anadya kuti atichotse manyazi. A Saidi potsanzika anagwada patsogolo pa amayi n'kupepesa. Amayi anawagwira pamutu n'kunena kuti, "Mwamunyamula mnzanu. Pitani bwino, bambo." Galimoto itachoka, azimayi a kwa amalume anatsuka miphika, anakwirira moto, nawonso n'kumapita. Zotsala anadya agalu.

Pa maliro ena nyumba imakhala yodzaza masiku angapo, abale ndi anansi akugona pomwepo mpaka tsiku losesa. Madzulo amenewo tinatsala ochepa. Mlamu anagona kuchipinda ndi ana, nkhope kukhoma. Amalume anakhala okha panja pa chitsa cha moto. M'chipinda chochezera munali mbee, mipando ili panja, pasimenti pakuoneka pamene panali bokosi. Ndinasesa phula la kandulo ndi matope, nsapato zosiyidwa zija n'kuziunjika pakhonde kuti eni ake adzazitenge akalimba mtima. Kamvula kanali katasiya, koma mphepo inkalowa pansi pa chitseko.

Amayi anavula duku n'kulipinda. Anamasula chitenje cha mpingo, anachipinda bwinobwino, n'kuchiika pamiyendo. Ndinawapatsa tiyi, sanamwe. Ndinkadikira kuti andifunse chifukwa chake ndinachita makani. Koma iwo anafunsa zina.

"Kodi chinthu chija chinati chiyani kwenikweni? Aliyense akungoti ndisafunse."

Amayi sadziwa kuwerenga, ndiponso nthawi imeneyo anali m'nyumba. Ndinawauza.

"Unenenso."

"Ndadzuka, kaya inu?"

"Analemba ndi Fabiano?"

"Eya, amayi. Nthabwala zake zija."

Anasisita chitenje chija ndi chala.

"Tsono anthu onse aja, panalibe womuyankha?"

Ndinati panalibe.

Anaika chitenje pambali n'kudzuka movutikira, akugwira khoma. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha dzanja. Anatsegula chitseko, mphepo n'kulowa. Kunja kunali kutayamba kuda, phiri likungooneka mthunzi wake. Anayang'ana cha kumene tinachokera masana, n'kulankhula ndi mawu wamba, amene amayankhira moni m'mawa uliwonse akusesa pabwalo.

"Tadzuka bwino, Fabiano. Koma kuzizira."

Anaima pakhomopo kanthawi, mutu ataupendeketsa. Kenako anandiuza kuti nditseke chitseko.